Likongwe ndi Phulusa la Boma

Padangokhala, ndipo inu mukhale nane, m'masiku aja nyama za kuchidikha zinali ndi boma lawo ndi asilikali awo. Mkulu wa asilikaliwo anali Kazembe Njati, mwamuna wa khosi lalikulu amene chibadwire sanathawepo mdani. Pansi pake panali makaputeni, pansi pa makaputeni masajeni, ndiyeno khwimbi la njiri, nguluwe ndi mbawala.

Gulu limeneli linali ndi mwambo wake. Likamapita kunkhondo, aliyense waudindo ankamupaka phulusa loyera kumsana, kuti asilikali a m'mbuyo aziona woti amutsate m'fumbi. Phulusalo silinali wamba. Linkachokera pa moto wa kubwalo la boma, ndipo linkasungidwa m'chipanda chimodzi chimene Sajeni Njiri ankachiyang'anira. Popanda msana woyera kutsogolo, msilikali sankaloledwa kusuntha phazi. Panalinso nyimbo yake. Mmodzi ankatsogolera kutamanda msana woyera, enawo n'kumavomera kuti kumene ulowere iwonso alowera komweko, uku akuponda pansi mwamphamvu. Inali nyimbo yokoma, ndisaname. Ngakhale wamantha ankaimva m'miyendo.

Anyani nawo anali m'gulumo, koma ngati amtengatenga. Ankasenza kamba, madzi, ovulala ndi chipanda chomwe chija, poti ndi okhawo anali ndi manja. Zaka zinapita, koma palibe nyani amene anapakidwapo phulusa. Atafunsa, anauzidwa kuti udindo ndi wa nyama za ziboda. Tsiku lina mkulu wawo, Nkhwere, anatula katundu pakati pa njira n'kukwera phiri ndi mtundu wake wonse. Boma linawatcha zigawenga, ndipo Kazembe anati akawathyola ngati mango.

Akanawathyoladi pakanapanda alendo. Udzu utauma, kunatulukira akabawi ochokera kutsidya la nyanja yamchere. Anakatera kwa anyani n'kunena kuti nkhani yawo yawakhudza mtima, choncho awathandiza ulere. Thandizo lake linali lotere: asilikali a boma akangolowa m'tchire, akabawi ankawaona ali kumwamba n'kuwaponyera zikuni zamoto. Udzu unkayaka, gulu n'kubalalika, anyani n'kumalizitsa ndi miyala.

Tsono njati, njiri ndi nguluwe zili ndi vuto limodzi, khosi lawo silola kuyang'ana kumwamba. Nyanga anali nazo, kulimba mtima anali nako, koma mdani anali kumene nyanga sizifika. Chimene chinkawazunguza mutu n'chakuti moto unkagwera ndendende pa akuluakulu. Onse, a kuchidikha ndi a kuphiri omwe, ankati alendowo ali ndi mankhwala odziwira waudindo. Makaputeni anatha psiti. Udindo umene nyama zinkaulimbirana unasanduka wothawa, moti wina akamva kuti akwezedwa ankayamba kutsegula m'mimba.

Apa ndi pamene pakulowera Likongwe. Ameneyu sanali msilikali, sanali mlimi, ndipo ntchito yake yeniyeni palibe ankaidziwa. Ataona mantha a asilikali, anayamba kuwagulitsa zithumwa zoletsa moto, iwo n'kumamupatsa mazira. M'kati mwa zithumwazo munali ndowe zouma. Ovala zithumwa atapsa chimodzimodzi ndi osavala, anamugwira n'kupita naye kwa Kazembe.

"Ndiwe wa zithumwa uja?" anafunsa Kazembe.

"Ndine, bwana. Koma ndinawauza kuti chizimba chake n'kusathawa. Iwo anathawa."

"Pakamwa pako m'poterera. Ena akuti tikuphe."

"Asavutike, bwana, ndine wodwaladwala kale."

"Sitikupha. Takukweza. Kuyambira lero ndiwe Kaputeni."

Likongwe anagwada. "Bwana, ndikwapuleni, nditsekereni, koma ulemu umenewu sundiyenera. Onani mapazi anga, ziboda ndilibe."

"Masiku ano sitikuyang'ana mapazi. Uzitsogolera gulu mpaka phiri litagonja. Likagonja udzapemphe chimene ukufuna. Ukathawa, tikupondaponda. Sajeni, mpakeni."

Sajeni Njiri anatsegula chipanda n'kumupaka kuyambira pakhosi mpaka kumchira. Likongwe anayera mbee, ndipo anadziwa kuti wavala imfa kumsana.

Usaone kuchepa, mutu wake unkathamanga. Tsiku la ulendo lisanafike anapita kwa Kazembe.

"Bwana, adani ali ndi maso kumwamba. Nafenso tipeze athu."

"Tiwapeza kuti?"

"A Nkhanga alipo. Mapiko ali nawo."

Anamuitana Nkhanga n'kumupatsa udindo woyang'anira zakumwamba, iye n'kuyamba kuyenda motukula chifuwa. Gulu linanyamuka, Likongwe patsogolo. Nyimbo ya msana woyera inamveka mwamphamvu, ovomera akuvomera ndi mtima wonse. Atalowa m'tchire, Likongwe anati, "A Nkhanga, kwerani." Nkhanga anathamanga, anakupiza mapiko, anadzuka, n'kukatera pa mtengo woyamba ali wefuwefu.

"Mukuona chiyani?" anafunsa Likongwe.

"Masamba."

"Kwerani pang'ono."

"Apa ndiye pomaliza panga, bwana Kaputeni."

Asanamalize, chikuni chinagwa pafupi ndi Likongwe, china n'kutsatira. Udzu unayaka, miyala inayamba kutsika. Likongwe anadzilowetsa kunsi kwa mimba ya Sajeni Njiri n'kumathamanga momwemo mpaka kwawo. Ambiri sanabwerere.

Akuluakulu a boma anakhala pansi. Anagwirizana kuti Nkhanga ndi wachikale, pafunika kabawi weniweni. Nanga kabawi n'kumupeza kuti? Kwa akabawi omwewo. Anatumiza nthumwi ndi malichero a ziwala zouma, ndipo alendo aja anazilandira ndi manja awiri. Anati nkhani ya boma nayonso yawakhudza mtima. Anapereka Kabawi wina wokalamba, wa ng'ala diso limodzi, amene nthenga zake zinali zitayamba kuthothoka.

Nkhalamba ija inkadya m'mawa, inkadya masana, ndipo chakumadzulo inkapita kuphiri kukapereka moni kwa adzukulu ake. Palibe anafunsa kuti moniwo unkakhala wautali bwanji.

Gulu linanyamukanso, Likongwe atamupaka mwatsopano. Nyimbo ija anaiyimba, koma ovomera anali atachepa, ndipo ena ankangoyendetsa milomo. Kabawi wokalamba anakwera, anazungulira, n'kutsika.

"Kuli bwanji, agogo?" anafunsa Likongwe.

"Kuli zii. Pitani."

Anapita. Moto unagwa kuposa poyamba. Likongwe anadziponya m'chithaphwi n'kugubuduka m'matope mpaka kuda bii, ndipo anadabwa kuona kuti kuyambira pamenepo zikuni zinamuleka n'kumatsata ena. Atafika kwawo, Sajeni anamutsuka n'kumupakanso, koma Likongwe nkhani ya matope ija sinamuchoke m'mutu.

M'mawa mwake anawotcha mbewa zonona, anapeza ndi kachipanda ka masese, n'kupita kwa Kabawi wokalamba. Anamusiya adye, anamusiya amwe, mpaka diso labwino lija litayamba kulemera.

"Agogo, inu a kunja muli ndi nzeru. Mankhwala anu odziwira kaputeni mumakumba kuti?"

Nkhalamba inaseka mpaka kutsamwa. "Mankhwala a chiyani, mdzukulu wanga? Kumwamba kuja nkhope sitiziona. Njati ndi njiri onse ndi timadontho. Anyamata onyamula zikuni aja sadziwa n'komwe chinenero chanu. Anauzidwa chinthu chimodzi basi: pamene payera, ponya."

"Anyani akudziwa zimenezi?"

"Tiwauze kuti atani nazo? Akadziwa adzaleka kutiopa."

"Nanga munawakonda chiyani anyaniwo?"

"Kuwakonda?" Kabawi anatola mbewa ina. "Tchire likapsa ziwala zimauluka, mbewa zimatuluka, ife timadya. Apambane awa, apambane awo, bola kupse."

Likongwe anathamangira kwa Kazembe. "Bwana, ndapeza. Chikutipha ndi phulusa. Tiyende osapaka."

Kazembe anamufunsa, "Ndiye asilikali adzadziwa bwanji woti amutsate?"

"Adzamva mawu, bwana."

"Gulu lopanda misana yoyera si asilikali, ndi ng'ombe zosochera. Makolo athu anagonjetsa afisi ndi phulusa lomweli."

"Afisi sankauluka, bwana."

"Ukufuna kuvula udindo mwanzeru, ndakuona. Mawa utsogolera. Sajeni akupake chowirikiza."

Ine Kazembe Njati ndimamumvera chisoni. Sanali wamantha, poti naye ankayenda ndi msana woyera, ndipo zipsera zinali thupi lonse. Kungoti nkhondo imene ankaidziwa inali imodzi, ya mdani wobwera ndi mapazi. Ina iyi inamupeza atakalamba.

Kutacha, gulu lisanasonkhane, Likongwe anapeza Sajeni Njiri atakhala pafupi ndi chipanda. Njiri anali ataika m'manda abale ake ambiri, ndipo anali atasiya kuyankhula zambiri.

"A Sajeni, ndifunse. Chipandachi chitasowa, gulu lingagube?"

"Silingagube. Mwambo sulola."

"Ndiye lero sipangafe msilikali."

Njiri anatembenuka n'kuyang'ana kwina. "Bwana Kaputeni, khosi langa siliona kumwamba. Lero landiuma, silikuonanso kumbali."

Likongwe ananyamula chipanda, anadziphimba kumsana ndi tsamba la nthochi, n'kuyamba kukwera phiri. Ankayembekeza kuti mlonda amukuwira, chifukwa anyani chikhalire amaika mmodzi pamwala kuti aziyang'ana. Pamwalapo panalibe aliyense. Chibwerere alendo, anyani anasiya kulondera, amvekere maso tili nawo kumwamba. Likongwe anafika mpaka pakati pawo, ndipo anyamata anamugwira n'kumuponya pamaso pa Nkhwere.

"Iwe ndiwe yani?" anafunsa Nkhwere.

"Kaputeni Likongwe, bambo. Ndatumidwa ndi boma."

Anyani anaseka. "Kaputeni wopanda ziboda?"

Likongwe anachotsa tsamba lija n'kuwaonetsa msana. Kuseka kunatha.

"Zinthu zasintha kumunsi," anatero. "Boma lavomera kuti linakulakwirani. Masiku ano sakuyang'ana mapazi. A Kazembe ati anyani onse akwezedwe, nkhondo ithe. Nali phulusa."

"Ndi msampha umenewu," anatero mnyamata wina. "Timuphwanye mutu."

Nkhwere anatenga chipanda n'kuchitembenuza. Ankachidziwa, poti anachisenza zaka zambiri osaloledwa kuchitsegula. Panali ndi kamng'alu kamene anakamata yekha ndi phula. Anatsegula n'kununkhiza.

"Ndi lenileni," anatero motsitsa mawu. Anatembenuka n'kupereka msana kwa Likongwe. "Paka."

Likongwe anapaka. Anapaka Nkhwere, anapaka akulu, anapaka anyamata, mpaka uja wofuna kumuphwanya mutu anaima pamzere. Amayi anabweretsa ana kuti awadontheze pang'ono. Kenaka onse anakwera poyera kuti aonane bwino, ndipo Nkhwere anayambitsa nyimbo ya msana woyera. Moyo wawo wonse ankaimva ali kumbuyo, katundu ali pamutu, osaloledwa kuvomera. Tsiku limenelo anaiyimba okha, wotsogolera nyani, ovomera anyani, ena akulira. Likongwe anali ataimva nyimboyo kambirimbiri, koma sanaimvepo ikukoma chotero. Anafuna kunena kanthu. Atakumbukira ziboda zimene zinkamudikira kumunsi, anatseka pakamwa. Anadzipukuta ndi dothi n'kulowa mumng'alu wa mwala.

Nthawi yomweyo akabawi achinyamata anatulukira ndi zikuni zawo, chifukwa agogo awo anali atawauza kuti lero gulu liguba. Anazungulira kuchidikha, osaona kanthu. Atatembenuka anaona paphiri payera mbee. Sanafunse.

"Ndife!" anakuwa Nkhwere, manja ali m'mwamba. "Ndife abale anu!"

Akabawiwo chinenero chake sankachimva. Zikuni zinagwa, phiri linayaka. Ndipo moto uli pakati, akabawi aja anatsika n'kumawakha ziwala mu utsi, mwachimwemwe, monga ankachitira kuchidikha. Likongwe mumng'alu muja anakwana thupi lonse kupatula nsonga ya mchira, ndipo anaimva ikupsa osatha kuikoka.

Moto utazima anatuluka. Anyani otsala anali atathawira kuseri, koma Nkhwere anali atakhala pamwala, manja atapsa, akuyang'ana alendo ake akudya. Msana wake unali woyerabe. Likongwe akanatha kudutsa mwakachetechete, koma anapita kwa iye.

"Bambo, ndikupukuteni. Amaponya pamene payera. Abweranso."

"Ndaona," anatero Nkhwere. "Kazembe sanakutume."

"Sananditume."

"Ndinadziwa pang'ono. Njati savomera kulakwa." Anapuma movutika. "Koma phulusali ndi lenileni?"

"Ndi lenileni, bambo."

"Ndiye usapukute. Ndinasenza katundu wa boma mpaka msana kupindika, kudikira limeneli. Dzanja limodzi lokha, iwe. Akanandipaka dzanja limodzi kalelo, phiri ili sitikanalikwera, ndipo mbalamezi zikanasowa potera."

Likongwe anathyola nthambi ya masamba imene inapulumuka n'kuiimika pamwamba pa Nkhwere kuti amubise, ndipo anatsika phiri.

Kumunsi anapeza chikondwerero. Utsi unali utaoneka, ndipo mbiri inali itafika kale kuti zigawenga zatha. Asilikali ankaimba nyimbo ya msana woyera ngati kuti ndi iwo amenya nkhondo. Sajeni Njiri yekha sankaimba. Pafupi ndi Kazembe panali akabawi angapo, milomo ili noninoni, atabwera kudzayamikira boma ndi kukambirana zoti chaka chamawa adzabweretse anzawo ena ogwira ntchito bwino kuposa nkhalamba ija.

"Phiri lagonja," anatero Kazembe. "Za chipanda ndakukhululukira. Pempha."

Likongwe masiku onse aja ankalota mazira odzaza dengu. Tsopano sanawakumbuke.

"Ziwiri, bwana. Madzi oti ndisambe, ndituluke usilikali."

"Tenga. China?"

"Anyani otsala aja muwaitane. Muwapake inu nomwe."

Kazembe anapukusa mutu. "Udindo ndi wa nyama za ziboda."

"Munati simukuyang'ana mapazi."

"Inali nthawi ya nkhondo. Nkhondo yatha."

Likongwe akutuluka pabwalo, Kabawi wokalamba anamukodola ndi phiko.

"Wachita bwino, mdzukulu wanga, tadya ndithu. Tandiuza, mbira za m'matanthwe zija, ndamva kuti nazonso zili ndi kadandaulo ndi boma. Zimakhala chakuti?"

"Sindikudziwa, agogo."

"Usavutike. Tizipeza."

Likongwe anapita kumadzi. Phulusa lotsala, lija linatha makaputeni ndi kukweza mtundu wonse kuphiri, linachoka ndi madzi a m'manja. Moyo wake anali ataupulumutsa, ndipo palibe anamupondaponda. Koma nsonga ya mchira inali yakuda. Anaitsuka, anaikwecha ndi mchenga, anaikwecha ndi mwala mpaka kutuluka magazi. Sinasinthe.

Mpaka lero likongwe amayenda yekha, nsonga ya mchira ili bii. Akayenda pang'ono amaima ndi miyendo iwiri n'kuyang'ana kumwamba. Anyani nawo anabwezera mlonda wawo pamwala, ndipo salolanso mlendo kuwayang'anira. Likongwe akamadutsa pafupi, mlondayo samukuwira ndipo samupatsa moni. Amangoyang'ana mchirawo mpaka utalowa m'udzu.

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata akaiphule, koma phulusalo alisiye pansi.